Aticha Anati Bodza ndi Tchimo

Masiku ano ku Nabvutika, komboni ya ku Chipata, mwana wa zaka zinayi ali ndi pulogalamu yothina kuposa ya atate ake. Tambala asanatope kulira ali kale m'beseni, seveni koloko ali pakaliyala ya njinga, chikwama chophimba msana wonse, kabotolo ka maheu kakulendewera m'khosi. Kuyambira Januwale 2022, pamene boma linachotsa fizi m'masukulu ake kuyambira nasale mpaka Giredi 12, tiana timene tinkaswera kuthamangitsa nkhuku za aneba tili m'kalasi. Tosowa malo ku sukulu ya boma tili m'manasale a m'komboni, aja a chipinda chimodzi, pakhoma pali Mickey Mouse amene wojambula anamupatsa makutu a kalulu.

Ndipo sikuti kumeneko amangoimba a e i o u. Aphunzitsi a nasale, amene boma linayamba kuwalemba ntchito mu 2013, tinawasenzetsa mtolo wina wolemera: kuumba khalidwe. Malamulo aakulu a dziko, monga anawakonzera mu 2016, pa Ndime 8 amaika makhalidwe abwino patsogolo penipeni pa zinthu zimene mtundu wa Zambia uyenera kuyendera. Akuluakulu tinamva, tinagwedeza mutu kuti n'zoonadi, kenaka tinatumiza ana kuti akazichite.

Tsoka lake n'lakuti mwana wa zaka zinayi amakhulupirira. Ukamuuza chinthu amachizula ndi mizu yomwe n'kubwera nacho kunyumba.

*

Sabata ina, Lolemba anaphunzira kuti bodza ndi tchimo. Lachiwiri anaphunzira kumvera makolo. Lachitatu madzulo alandilodi anagogoda pakhomo lina, mwezi uli pa 9, lendi isanaoneke. Mayi anadumphira kuseri kwa katani akunong'ona: "Kawauze kuti ndapita ku Saturday Market."

Kamtsikana kanatsegula chitseko, kanagwada mwaulemu.

"Amayi ako alipo?"

Kanayang'ana kudenga, kanayang'ana pansi. Lolemba ndi Lachiwiri zinali zitagundana m'mutu.

"Amama andiuza chonena, koma aticha anandiletsa kuchinena. Ndiye ine sindiyankhula."

"Chabwino, mwana wanga, usayankhule."

"Koma kuloza sanaletse."

Pansi pa katani panali zala khumi za kumapazi, zikuyesa kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono.

*

Phunziro la kugawana limayenda bwino mpaka belu la bureki. Pali kamnyamata kena kamene kamafika opanda kanthu m'chikwama, osati chifukwa kwawo n'kosowa, koma kamamaliza zonse panjira kali panjinga. Belu likangolira kamayamba ulendo, benchi ndi benchi, dzanja lili patsogolo: "Aticha anati tizigawana." Apa theka la chitumbuwa, apo ma Jiggies atatu, uko chidutswa cha kandolo. Pofika kumapeto kwa mzere kamakhala katakhuta kuposa eni chakudya.

Aphunzitsi anakaitana. "Iwe, tsiku lililonse anzako amakugawira. Nanga iwe umagawa chiyani?"

"Ine ndine wolandira, aticha."

"Wolandira?"

"Tonse tikakhala ogawa, tigawira ndani?"

Mwana ameneyu mumusunge m'maso. Zaka zikubwerazi tidzamuvala pachitenje.

*

Wina anazindikira msanga kuti ukamenya mnzako n'kunena pepani, mlandu umathera pomwepo. Tsiku lina anapita kwa mnzake, manja kumbuyo, nkhope yachisoni.

"Pepani."

"Pepani wa chiyani?"

Phaa! Khofi.

Kwa aphunzitsi anafotokoza mosatekeseka: "Ndapepesa kale, aticha. Ndangoyambira kumapeto." M'mawa mwake anangolowa m'kalasi n'kunena pepani kasanu motsatizana. Pofika teni koloko kulira kunamveka kumbuyo, ndipo iye anakweza dzanja: "Atsala anayi." Musamudabwe. Wakulira m'nyumba ya mita ya mayunitsi, momwe umalipiriratu kenaka n'kumagwiritsa ntchito mpaka zitatha.

*

Nkhani ya ulemu ndiyo imandimvetsa chisoni, chifukwa apa mwana amakhala pakati pa akuluakulu awiri amene onse akunena zoona. Kunyumba, mwana woleredwa amagwada popereka madzi, amalandira ndi manja awiri ngakhale chikhale kasingano, ndipo wamkulu akamayankhula amazyolika. Kuyang'ana ambuya ako m'maso ndi mwano, ndipo palibe amene anayamba wakhala pansi kufotokoza chifukwa chake. Umangodziwa ndi khutu lako likakokedwa. Aphunzitsi nawo anauzidwa ku koleji kuti mwana wodzidalira amadzutsa mutu, amayang'ana woyankhula naye, amayankha mokweza. Ndiye m'mawa mwana amamva, "Ndiyang'ane ndikamayankhula nawe!" Madzulo amamva, "Maso amenewo! Wandiyesa mnzako?"

Aphunzitsi ndi ambuya sanakumanepo kuti agwirizane chimodzi. Anangomusiyira mwana kuti aweruze yekha, ndipo anaweruza. Tsiku lina aphunzitsi anaona kamtsikana kakuwayang'anitsitsa ndi diso limodzi, linalo katatsinzina zolimba.

"Diso lakupweteka?"

"Iyayi, aticha."

"Nanga watsinziniranji?"

"Lotsegulali ndi lanu. Ili ndi la ambuya."

*

Tchati cha banja chimene chili pakhoma la nasale zambiri chinachokera kutali. Pali bambo, mayi, mnyamata mmodzi, mtsikana mmodzi, ndi galu atakhala pampando wa sofa. Ana anachiyang'ana nthawi yaitali. Funso loyamba linali lakuti, "Aticha, ena onse apita kumaliro?" Lachiwiri linali lofuna kudziwa ngati galuyo ndi wa kuchimuna kapena wa kuchikazi.

Aphunzitsi anagawa mapepala kuti aliyense ajambule banja la kwawo. Pasanathe mphindi zisanu wina anabwera kudzapempha pepala lachiwiri, ati loyamba lathera pa amayi okhaokha.

"Uli ndi amayi angati iwe?"

"Atatu. Amama, amama aakulu, ndi amama aang'ono a ku Kapata."

"Enawo pa Chingerezi timati anti."

"Iyayi, aticha. Anti ndi aja ogulitsa mafirizi pageti."

Ndipo mwanayo sanalakwe. Mchemwali wa amayi ako ndi mayi ako, amakusambitsa, amakukalipira, ukadwala amakubereka kumsana. Kumuika m'thumba limodzi ndi mayi aliyense wodutsa mumsewu ndi kumuchotsera udindo.

Kenaka panabwera funso limene buku linali ndi yankho limodzi lokha: mutu wa banja ndani? Mwana wa Chingoni anayankha kuti atata, pajatu kwa Angoni a Mpezeni ng'ombe za malowolo zikapita ana amatsata kuchimuna. Mwana amene makolo ake anachokera ku Katete anati amalume, ndipo naye ananena zoona, chifukwa pa Chichewa mwini mbumba ndi mlongo wa amayi ako. Ndiye amaitanidwa ukapalamula ndiponso ukafuna kukwatira. Wachitatu, mbadwa yeniyeni ya m'komboni, anaganiza kaye n'kuti, "Amene wagwira rimoti."

Pepala lina linali ndi munthu wamtali ataima payekha kumbali, atanyamula pulasitiki.

"Awa ndani?"

"Ndi ankolo. Amabwera atata akapita ndi thiraki ku Mwami."

Aphunzitsi anatsokomola. "Awa uwafufute, wamva? Usakawaonetse kunyumba."

"Amama nawonso anatero."

Phunziro la banja linathera pomwepo, ndipo tsiku lonselo anaimba nyimbo za manambala.

*

Lamulo la m'kalasi limati kunyozana n'koletsedwa. Ndiye kunabwera mwana watsopano, Mbemba, makolo ake atasamutsidwira ku Chipata pantchito. Tsiku lachiwiri lomwe mnzake anamulonjera kuti, "Iwe wodya anyani." Uyo osachedwa: "Iwe wodya makoswe." Apa ndiye panavuta, chifukwa mwana wa kum'mawa angakhululuke zambiri koma osati kutchula mbewa kuti khoswe. Anagwirana malaya.

Aphunzitsi analemba makalata kuitana makolo. Abambo awiri anafika m'mawa, aliyense nkhope ili gwaa. Atangomva mayina a wina ndi mnzake, wa kum'mawa anayamba:

"Ndiye ndinu? Ndimadabwa kuti anyani a m'phiri la Kanjala achepa bwanji chaka chino."

"Inu musandiyandikire, mukununkha utsi wa kokumba mbewa. Sukulu munaiona liti, anthu obwera ku tauni pa njinga?"

Anaseka mpaka kugwirana mapewa, anapatsana manambala a foni, natuluka limodzi kukafuna chakumwa. Aphunzitsi anatsala ndi ana awiri ndi ntchito yowafotokozera kuti zimene anena atate awo ndi chimbuya, koma zimene ananena iwo dzulo ndi mwano, ngakhale mawu ake ndi omwewo. Angoni ndi Abemba anathirana nkhondo m'zaka za m'ma 1800, mikondo itagona anasandutsa udaniwo nthabwala, ndipo lero pamaliro a Mngoni ndi Abemba amene amatekesa anamfedwa, kuwathira ufa kumutu ndi kuwalipiritsa tindalama. Kafotokozereni zimenezo mwana wa zaka zisanu. Iye anangofunsa chimodzi: "Ndiye ndidzayamba liti kuloledwa?"

*

Kale m'zaka za m'ma 1970, Pulofesa Robert Serpell wa ku University of Zambia anayenda m'midzi ya ku Katete akufunsa akuluakulu kuti pa ana a pamudzi angasankhe uti pakagwa ntchito yofuna mutu. Zimene anapeza anazilemba m'buku lake la 1993, The Significance of Schooling. Akuluakuluwo sankagoma ndi kuchenjera kokha. Mwana wanzeru kwa iwo anali wotumikira ndi wokhulupirika, amene ukamutuma amapita, n'kuchita, n'kubwerako. Kuchenjera kopanda zimenezo ndi kwa Kalulu wa m'nthano. Ndimaona kuti agogo aja anali atalemba kale silabasi ya khalidwe, kungoti sanaiike pa tchati.

Koma kukhulupirika nako kuli ndi mano. Aphunzitsi ena, pofuna kuzoloweza ana kutumikira, anawauza kuti mthenga wabwino amafikitsa uthenga wonse, osachotsapo, osawonjezerapo. Madzulo ake mayi anatuma mwana kwa aneba. Mwana anaodira, anagwada, nayamba:

"Amama akuti muwabwerekeko mchere pang'ono. Akutinso ngakhale ndinu aumbombo, lero mwina mupatsa chifukwa kwanu kuli alendo."

Mchere anabwera nawo, wodzaza kapu, pamodzi ndi yankho limene analifikitsanso lonse, osachotsapo kanthu. Mabanja awiriwo tsopano amatunga madzi nthawi zosiyana.

Mwana yemweyo m'kalasi amakakamira pa seveni powerenga manambala. Mutumeni pa kantemba ndi K20 kuti akagule sopo ndi machesi, muone ngati wogulitsa angamubere ngakhale 50 ngwee.

*

Serpell yemweyo anayerekezapo ana a ku Lusaka ndi a ku Manchester. Pojambula ndi pensulo a ku England anapambana. Popinda waya a ku Zambia anawasiya kutali, pajatu ndiwo amisiri a magalimoto a mawaya. Pambuyo pake iye ndi anzake anakonza mayeso otchedwa Panga Munthu, momwe mwana amapatsidwa dongo kuti aumbe munthu, ndipo oyesa amaona ziwalo zimene waikapo.

Aphunzitsi ena a m'komboni muno, dongo lili losagula nthawi ya mvula, anati ayese nawo. Kamnyamata kena kanaumba munthu wokongola: zala zonse, mabatani, ngakhale lamba. Makutu okha panalibe.

"Waiwala makutu."

"Sindinaiwale. Awa ndi atata. Amama amati samva."

Wina anaumba mutu waung'ono ndi pakamwa pofika m'makutu, ati ndi aneba a kuseri. Wina anaumba munthu wa dzanja limodzi lomatirira kutsaya. Aphunzitsi anayesa kuliwongola, mwana analira: "Musawasokoneze, amama ali pafoni!"

Ziboliboli zonsezo aphunzitsi anaziyanika pawindo kuti makolo adzazione pa tsiku la misonkhano. Usiku ataganiza bwino, anazithira madzi.

*

Ku Stanford, ku America, Walter Mischel ankaika kaswiti kofewa patsogolo pa mwana n'kumuuza kuti akapirira osadya mpaka wamkulu atabwerako, alandira tiwiri. Mayeso amenewa anatchuka dziko lonse ngati muyeso wa kudziletsa. Ofufuza ena atawayesa pa ana a alimi a mtundu wa Nso ku Cameroon, pafupifupi 70 pa 100 alionse anapirira, pomwe ana a ku Germany sanafike ndi 30 omwe.

Kuno anayesa ndi vitumbuwa. Aphunzitsi anaika chimodzi patsogolo pa mwana aliyense, nalonjeza chachiwiri kwa wopirira, natuluka. Ena anadya chitseko chisanatsekeke. Wina ananyambita chake mbali zonse kuti anzake asachikhumbe. Kamtsikana kamodzi kanakhala phee, manja pamiyendo, chitumbuwa chili chilili. Aphunzitsi anakaimika kutsogolo, kalasi yonse inaomba m'manja. Ponyamula chitumbuwacho anamva kupepuka: pansi panali kabowo, m'kati munali mphepo yokhayokha.

Koma amene anandigometsa ndi kamnyamata kamene kanakweza dzanja aphunzitsi asanatuluke.

"Aticha, chachiwiricho chili kuti? Tichione kaye."

Anthu ofufuza a ku Rochester anapeza mu 2013 kuti ana amadikira nthawi yaitali ngati wamkulu wolonjezayo anasungapo lonjezo kale, ndipo amadya msanga ngati anawanamizapo. Kamnyamataka sikanawerenge zimenezo. Kanangokumbukira kuti njinga imene atate ake anakalonjeza Khirisimasi yapita ikadali m'sitolo ku Down Shops.

*

Chikwapu chinachoka. M'masukulu chinaletsedwa kale, ndipo lamulo la ana la 2022, Children's Code Act, linatseka ndi kunyumba komwe. M'malo mwake aphunzitsi amaimika wolakwa pakona kuti aganize za mlandu wake. Koma m'kalasi modzaza, momwe chigongono cha mnzako chimakhala m'nthiti mwako, pakona ndi pokhapo pali mpweya, ndiponso pali windo loonera njinga zodutsa. Pasanathe sabata ana anayamba kutsinana dala. Wina anachita kufunsa: "Aticha, kuti ndipite pakona ndilakwe chiyani?"

Ambuya ena sanamve za lamuloli. Anafika pasukulu ndi kamtengo kosenda bwino, nakapereka ndi manja awiri: "Madamu, aka n'kanu. Ameneyu mukamangomuyankhula ndi pakamwa mutaya nthawi." Aphunzitsi anakana mwaulemu, nafotokoza za boma. Mdzukulu anali chapafupi, makutu ali tcheru. Madzulo atataya ndiwo pansi, ambuya anangoyang'ana kumene kunali kamtengo kaja, iye n'kuimirira:

"Mukandimenya ndikanena ku Victim Support."

"Pita, mdzukulu wanga. Ukawauzenso kuti nsima ya usiku uno akuphikire konko."

Mlandu anauchotsa yekha asanafike pachitseko.

*

Kulinso phunziro lozindikira mmene mnzako akumvera mumtima. Aphunzitsi amakweza makadi a nkhope zosiyanasiyana, ana n'kumatchula.

Anakweza yokwinya. "Iyi ndi nkhope yotani?"

"Ya atata mwezi ukafika pakati."

Anakweza yolira. "Nanga iyi?"

"Ya amama malaiti akapita filimu isanathe."

Anakweza yomwetulira, mano onse panja. Kalasi inakhala chete, mpaka wina kumbuyo anakumbukira kumene anaiona.

"Ya amama abusa akabwera. Akapita imachoka."

Pa tsiku lotenga malipoti, aphunzitsi anauza mayi wina kuti mwana wawo ndi wofatsa kwambiri, wamanyazi, mwina kunyumba azimulimbikitsa kuyankhula. Mayiyo anatembenuza lipoti, anawerenganso dzina, nayang'ana mwana amene kunyumba amamutcha Breeze FM chifukwa satseka kuyambira mbandakucha. "Madamu," anatero, "kodi simungamusunge konkuno mpaka Loweruka?"

*

Chaka chikamatha kumakhala galajuweshoni. Inde, ya nasale, ndi mikanjo yakuda ndi tizipewa ta makona anayi, munthu asanadziwe kumanga zingwe za nsapato. Makolo amene lendi ikuwavuta amapeza ndalama ya keke, ya wojambula zithunzi ndi ya tsitsi latsopano. Amayi awiri anatsala pang'ono kuvulana mawigi polimbirana mpando wakutsogolo, pomwe ana awo anali pamzere kuyembekeza kulakatula za kukonda mnzako.

Mphoto ya khalidwe labwino inapita kwa kamnyamata kena kofatsa, kogwada popereka moni, kosamenya, kosalanda. Mlendo wolemekezeka anawerama n'kukaikira maikolofoni pakamwa.

"Mwana wabwino iwe, ukadzakula ukufuna kudzakhala ndani? Dokotala? Mphunzitsi?"

"Mlendo."

"Mlendo? Chifukwa chiyani?"

"Alendo ndiwo amadya nkhuku. Ndipo akathyola kapu amama amati palibe kanthu."